Zitsulo zikhalebe zolemera, mafuta achoke pa mbale

Mpikisano woonetsa minofu (bodybuilding) wayandikira, koma pulogalamu ya zitsulo sinasinthe kwenikweni. Squat (kunjuta ndi kudzuka mutasenza chitsulo), deadlift (kudzutsa chitsulo pansi), bench press (kukankha chitsulo mutagona chagada) ndi row (kukokera chitsulo ku thupi) zidakalipo: maseti 3 kapena 4, kunyamula ka 6 mpaka 10 pa seti iliyonse. Zomwe zachepetsedwa ndi maseti a mikono ndi mapewa, chifukwa thupi lanjala silichira msanga.

M'majimu ena muno mu Harare mudzamva zoti nthawi ino muzinyamula zopepuka ka 25 kuti minofu ioneke. Si zoona. Minofu imaonekera mafuta a pansi pa khungu akachepa, basi. Mukasiya zolemera kwinaku mukudya mopereweza, thupi limayamba kudya minofu yomweyo, ndipo pa siteji mudzafika owonda koma ofewa.

Tiwerengere limodzi. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi ili ndi makalori pafupifupi 7,700. Munthu wa makilogalamu 80 azitsika magalamu 400 mpaka 800 pa mlungu. Kuti achotse magalamu 500, tsiku lililonse papereŵere makalori 550. Munthu yemweyo akathamanga makilomita 5 amawotcha pafupifupi 400, pomwe supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi 120. Masupuni atatu m'ndiwo, pafupifupi thukuta lonse lija lapita pachabe. N'chifukwa chake botolo la mafuta lisamathiridwe mongoyerekeza.

Nsima muziyeza ufa usanalowe m'poto: magalamu 100 ndi makalori ngati 360. Gawo lalikulu lidyedwe musanapite ku jimu ndiponso pobwerako. Mapuloteni asatsike pa magalamu 2 pa kilogalamu ya thupi pa tsiku. Dzira limodzi limapereka magalamu 6, chifuwa cha nkhuku chophika cha magalamu 100 chimapereka 30.

Pa cardio (masewera othamangitsa mtima), kuyenda ndawala mphindi 30 mpaka 40 n'kokwanira, kaya pa treadmill (makina oyendapo a m'jimu) yokwezedwa kaya pa chitunda cha Kopje. Liwiro la mtondo wadooka dzulo lake la squat limangopha miyendo. Nambala ya makalori ya pa treadmill musaikhulupirire, makamaka ngati mukuyenda mutagwira zitsulo za m'mbali.

Sikelo ikweredwe m'mawa, mutachokera kuchimbudzi, ndipo muziona avereji ya mlungu wonse. Mukadya matemba amchere usiku, mawa lake nambala imakwera ndi madzi. Kutentha kwa Okutobala nako kumaitsitsa mwachinyengo. Avereji ikaima milungu iwiri, chotsani makalori 150 kapena wonjezerani mphindi 10 zoyenda, osati zonse pakamodzi.