Jeep ya agogo yayendanso, zikomo nonse

Abale ndi alongo, Jeep yankhondo ija imene ambiri mumaidziwa ngati chiphakasa chogonera pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa galaja yathu pa Chitakale yadzuka. Loweruka lapitali inalira, inatuluka pabwalo ndi mphamvu zake, inakafika ku Likhubula n'kubwerako popanda woikankha. Ntchito imeneyi sindinaigwire ndekha, ndiye ndati ndithokoze poyera, chifukwa ena mwa amene andithandiza sindidzakumana nawo maso ndi maso mpaka kalekale.

Kwa amene simukuidziwa, galimoto imeneyi ndi Ford GPW ya 1943. Mu 1940 asilikali a ku America anafuna kagalimoto kopepuka kokoka matayala onse anayi. Kampani ya Bantam ndi imene inayamba kupanga, koma ntchito yaikulu inapita kwa Willys a ku Toledo, kenako Ford inauzidwa kuti izipanga galimoto yomweyo motsata mapulani a Willys. Pofika 1945 makampani awiriwa anali atapanga pafupifupi 640,000. Agogo athu aamuna anali msilikali wa King's African Rifles (KAR), analembedwa ku Zomba, ndipo mu 1944 anali ku Burma. Kumeneko ndi kumene anaphunzira chiwongolero. Atabwerako anakhala dalaivala pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje, ndipo esitetiyo itafuna kutaya Jeep yake yakale, iwo anagula ndi ndalama zawo zopumira pantchito. Inayenda mpaka injini itagwira, basi n'kukhala nyumba ya nkhuku.

Oyamba kuwathokoza ndi amalume. Ogula zitsulo zakutha anabwera kangapo ndi sikelo yawo, ndalama zili m'manja, pa nthawi imene kunyumba kunalibe ndi ufa womwe. Amalume ankangoti, "Ichi n'cha bambo anga, chidzaolera pompano." Amalume, mukanagulitsa palibe akanakudzudzulani. Zikomo kwambiri.

Tsopano ndifike kwa anthu a pa intaneti, amene ndi chifukwa chenicheni chimene ndalembera. Ine ndine makaniko wa Toyota ndi Nissan, ndinakulira pa masipanala a mamilimita. Jeep iyi zonse n'za mainchesi, magetsi ake ndi a 6 volts, sitata yake amachita kuponda ndi phazi, ndipo thanki ya petulo ili pansi pa mpando wa dalaivala. Ku Mulanje kuno kunalibe woti n'kumufunsa. Koma kunja kuno kuli anthu amene anatenga mabuku a asilikali a nthawi ya nkhondo, n'kujambula tsamba lililonse, n'kuwaika pa intaneti kuti aliyense atenge ulele. Buku la TM 9-803 ndi la kayendetsedwe ndi kasamalidwe, TM 9-1803A ndi la injini, TM 9-1803B ndi la magiya, ma difu ndi chasisi. Palinso buku la masipeya onse lotchedwa SNL G-503, ndipo mukalemba G503 pofufuza mudzapeza zinthu zoti simungawerenge n'kumaliza. Mabukuwa analembera anyamata amene anachoka kumunda dzulo lake n'kupatsidwa galimoto, motero Chingerezi chake n'chosavuta ndipo zithunzi zake zimaonetsa chitsulo chilichonse chili padera, ndi nambala yake. Amene munakhala pansi n'kujambula masamba mazanamazana aja popanda wokulipirani, kaya muli kuti, Mulungu akudalitseni.

Ndinene zinthu ziwiri kuti muone phindu lake. Choyamba ndi manati a matayala. Pa Jeep imeneyi manati a mbali ya kumanzere amamasukira kumanja, mosiyana ndi galimoto zambiri zimene timakonza masiku ano. Anyamata anga anali atabweretsa kale paipi yaitali yoti alumikize ku sipanala, koma usiku wa dzulo lake ndinali nditaonera kanema pa YouTube wa mdala wina akuchenjeza za zimenezi, akuloza kachilembo ka L kamene kali kumapeto kwa bawuti. Titapala dzimbiri tinakapezadi kachilemboko. Mabawuti a zaka 80 anamasuka onse osathyoka ndi limodzi lomwe, ndipo akanathyoka sindikudziwa kuti ena tikanawapeza kuti.

Chachiwiri ndi dzina lake lenileni. Pamudzi tonse tinkaitchula kuti Willys, ngakhale agogo omwe. Tsiku lina ndikutsuka mabawuti m'beseni la palafini ndi bulashi ya waya, pamutu pa bawuti imodzi panaoneka chilembo F cholembedwa mokhotakhota ngati cha pamanja. Ndinatenga ina, chomwecho. Ndinajambula n'kutumizira okonda magalimotowa, ndipo kusanade anali atandiyankha kuti Ford inkadinda chilembo chimenechi pafupifupi pa chitsulo chilichonse chimene inapanga. Anandiuzanso kuti ndiyang'ane chitsulo chopingasa cha pansi pa ledieta: cha Willys ndi paipi yozungulira, cha Ford ndi chopinda ngati U wozondoka. Chathu chinali chopindacho. Kenako anandilozera pamwamba pa chasisi mbali ya kumanzere, pamene pali nambala, ndipo itafanana ndi ya pa injini anasangalala kuposa ine, chifukwa zikutanthauza kuti injiniyi ndi yomwe inatuluka nayo ku fakitale. Ndinawaitana amalume kuti adzaone okha. Anavala mandala, anagwada, anakhala chete nthawi yaitali.

Pali mkulu wina wa ku Netherlands amene ndikufuna ndimuthokoze mwapadera. Sindinamupemphe chilolezo choti ndimutchule dzina, ndiye ndingoti achimwene a ku Netherlands. Kabuleta yathu, ya mtundu wa Carter WO, inali itadyeka mkati. Iwo anamasula yawo dala, n'kumayeza kachitsulo kalikonse, n'kumanditumizira zithunzi pa WhatsApp, ine ndikuyankha netiweki ikagwira. Pamapeto pake ananditumizira kaphukusi ka magasiketi ndi tizitsulo ta mkati, ndalama anakana. Anangopempha chithunzi cha Jeep ili pafupi ndi phiri. Achimwene, chithunzi chija ndatumiza, nsonga ya Chambe ya phiri la Mulanje ikuoneka bwinobwino kumbuyo kwake.

Kwa amene mukufuna kuyamba ntchito ngati iyi, dziwani kuti masipeya alipo. Galimotoyi inapangidwanso ku France ndi kampani ya Hotchkiss pa dzina la M201, ndipo zitsulo zake zambiri zimalowana. Ku India a Mahindra anapanga ma Jeep kwa zaka zambiri ndi chilolezo cha Willys. Ku Philippines amapanga thupi lonse latsopano mpaka lero. Vuto lathu ndi thumba. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo thupi latsopano limene ndinkalilota linangokhala loto. Apa ndi pamene anthu akwathu anaonetsa luso lawo.

Bambo wowotcherera wa ku Luchenza anatenga miyezo imene tinaipeza pa intaneti, anajambula ndi choko pachitsulo, n'kusula pansi ponse pa galimoto ndi hamala, mizere yake yolimbitsa ndi yomwe. Magetsi akazima ankadikira, akayaka usiku ankadzuka. Akuluakulu ena a ku Limbe anatibowolera injini n'kusema ma bushi a chiwongolero. Ogulitsa masipeya ku Ndirande anafufuza m'milu mwawo mpaka anatipezera ma beringi ndi masipanala a mainchesi amene ndinkaganiza kuti anatha m'dziko muno. Ndikudziwa kuti okonda magalimotowa ena amafuna chitsulo chilichonse chikhale cha 1943, ndipo ndimawalemekeza chifukwa ndi iwowo amene asunga nzeru zonsezi. Koma ine pansi pa galimoto posulidwa ku Luchenza sindingapasinthe ndi pa kwina kulikonse, ndipo nditawaonetsa zithunzi, akunja omwewo anafunsa kuti mmisiri ameneyu anaphunzira kuti.

Sindingalumphe za March 2023. Namondwe wa Freddy anatipweteka kuno ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena, ndipo anthu ambiri anataya miyoyo. Pa tsoka lotere galimoto si kanthu, ndipo ndikulemba ndime ino ndi ulemu kwa mabanja onse amene analira. Madzi ndi matope zinalowa m'galaja pa nthawi imene injini inali yomasula, zitsulo zake zili pamasaka pansi. Ine mtima unali kunyumba ndi kwa abale, za Jeep ndinali nditazitaya. Patapita masiku, anyamata a m'mudzi, ena mwa iwo nyumba zawo zitagwa, anabwera osaitanidwa n'kuyamba kusefa matope ndi manja, kutola bawuti imodziimodzi. Anapeza ndi timakiyi ta mavalavu tomwe, tinthu tochepa ngati njere ya chimanga. Anyamata inu, ngongole yanu ndilibe nayo chobweza.

Zikomo mphwanga amene uli ku Johannesburg, ponyamula ma pisitoni ndi zida za mabuleki pa basi ngati katundu wako. Zikomo mwana wa mchemwali wanga, amene unkatsitsa mabuku aja ukapeza netiweki yabwino kusukulu, n'kusindikiza, n'kuwasoka ndi ulusi kuti ndiziwatsegula ndi manja a girizi foni osaidetsa. Zikomo atelala a pamsika wa Chitakale posoka mipando itatu ndi nsalu ya tenti mongoonera chithunzi. Mayi a kunyumba, munapirira ndalama za bandulo, fungo la palafini ndi nsima yozizira. Anthu akuyamikira ine, koma amene akudziwa bwino akudziwa kuti ndi inu.

Ntchito sinathe. Tenti ya pamwamba kulibe, fosholo ndi nkhwangwa zimene zimamangidwa m'mbali mwa dalaivala tikufufuzabe, ndipo matayala oyenera a 6.00-16 tili nawo awiri okha, enawo ndi obwereka. Amene mukudziwa kumene angapezeke, chonde ndiuzeni. Mapepala a pamsewu akatuluka nthawi yabwino, mu November tikufuna tipite ndi amalume ku Zomba pa tsiku lokumbukira asilikali, tikaime pa chipilala cha KAR. Ndi injini ya mphamvu ya mahatchi 60 ndi magiya atatu, tidzanyamuka m'bandakucha.

Mabuku onse aja ali pagalaja, osindikiza komanso a m'foni. Ngati kwanu kuli Jeep kapena Land Rover yakale imene ikuolera pansi pa mtengo, musanaitane a sikelo bwerani mudzajambule, kapena tumizani mwana ndi foni, ndidzamuikira onse. Salipiritsa.