Migwalangwa yathu siibereka mofanana

Mzinda wa Mzuzu uli pamtunda wozizira, ndipo migwalangwa ndi mitengo ina ya mtundu wake siioneka kawirikawiri kuno, komabe misika yathu imaidalira kwambiri. Mafuta ofiira a mawese amafika m'mabotolo kuchokera ku Karonga, mikeka ndi zipewa za mlaza zimachokera kumadera otentha, ndipo mipando ya chiwale amaipanga ndi mitengo yomera m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje. Yambiri mwa mitengoyi inamera yokha. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti timaikolola ngati kuti yonse ndi yofanana, pamene kusiyana kwake n'kumene kuyenera kutiuza mtengo woti tikolole ndi woti tiusiye.

Mgwalangwa, umene akatswiri amautcha Hyphaene petersiana, ulipo waumuna ndi waukazi, ndipo ndi mmenenso zilili ndi mvumo komanso kanjedza. Waumuna subala chipatso ngakhale chimodzi, choncho munthu akamatsegula munda amayamba kugwetsa womwewo ponena kuti ndi wopanda phindu. Koma mungu wake ndiwo umachititsa kuti waukazi ubereke, ndipo yaimuna ikatha m'dera, yaikazi imayamba kupereka zipatso zochepa. Chipatso cha mgwalangwa, chofiirira ndi chonyezimira chija chimene ana amachikukuta mpaka kufika pa chigoba, chimatenga pafupifupi zaka ziwiri kuti chikhwime. Motero mtengo umodzi ukawonongeka, dera limataya zokolola za nyengo zingapo nthawi imodzi.

Kusiyanaku kumaoneka bwino kwambiri pa mtengo wa mawese, Elaeis guineensis. Mukadula chipatso chake pakati ndi mpeni, mupeza kuti china chili ndi chigoba chochindikala ndi mnofu wochepa, pamene china chili ndi chigoba chopyapyala ndi mnofu wambiri wa mafuta, womata m'zala. Choyambacho amachitcha dura, chachiwiricho tenera, ndipo palinso pisifera, chopanda chigoba, chimene mtengo wake nthawi zambiri zipatso zimafota zisanakhwime. Mu 1941 akatswiri a ku Yangambi, m'dziko la Congo, anaonetsa kuti tenera imabadwa mungu wa pisifera ukakumana ndi dura, ndipo minda ikuluikulu ya ku Malaysia ndi Indonesia lero imadalira nzeru imeneyi. Mitengo yomera yokha mu Africa yambiri ndi ya dura. Amayi oyenga mawese safuna maina amenewa kuti adziwe mtengo wopatsa mafuta ambiri, pakuti amauzindikira ndi manja awo, ndipo pamenepa m'pamene pagona vuto. Mtengo wabwino amaukolola mikoko yonse, zipatso n'kuziwiritsa, ndipo njere yowiritsidwa siimeranso. Zimene zimatsala pansi n'kumera ndi za mitengo imene anthu anainyalanyaza. N'zoona kuti mbande siifanana ndi mayi wake nthawi zonse, popeza mungu umachokera kwina, komabe mbewu ya mtengo wabwino ikamathera mumphika chaka ndi chaka, mtundu wakewo umachepa m'nkhalango.

Za uchema ndinena mwachidule. Wogoma uchema ku mgwalangwa amadula nsonga pamene pamatuluka masamba atsopano, ndipo tsinde limenelo nthawi zambiri limafa. Chiwale nacho chimachita maluwa kamodzi kokha, tsinde n'kuuma zipatso zikakhwima, kotero wochidula msanga amachichotsa chisanasiye mbewu.

Lamulo la zankhalango la 1997 linapereka mpata woti midzi ikhale ndi makomiti oyang'anira zachilengedwe, ndipo ine ndikuona kuti ntchito ya mitengoyi ingayambire kumeneko popanda ndalama zambiri. Chofunika ndi utoto woikira manambala pa mitengo ndi kope lolembamo kuti mtengo uli wonse ndi waumuna kapena waukazi, ndi wautali bwanji, wabereka mikoko ingati chaka chino ndipo zipatso zake n'zazikulu motani. Pakapita nyengo zingapo, mudzi ungadziwe mitengo yoyenera kuisiyira mkoko umodzi kuti ugwe wokha, komanso imene wogoma uchema sayenera kuikhudza. Ophunzira zankhalango pa Mzuzu University, ku Luwinga kuno, angathandize kuyeza ndi kusunga zolembedwazo, malinga ngati kopelo likhala m'manja mwa eni mudzi, amene amakwera ndi kukolola mitengoyo.