Madzi a utoto wathu salowanso mu Nasolo ali ofiira

Mwezi uno takwanitsa zaka zisanu tikunyika zitenje ndi mlaza mu utoto kuno ku Ndirande. Pa zonse zomwe tachita, chimene ndimayenda nacho monyadira ndi madzi otuluka kuseri kwa shedi yathu.

Tikuyamba, madzi otsala tinkangowakhuthulira mu ngalande. Ngalandeyo imathera mu Nasolo, Nasolo nayenso amakathira mu Mudi. Tsiku lina mayi wina woyandikana nafe anandiitana nandionetsa ana ake akusewera m'madzi ofiira ngati magazi. Anangoti, "Achemwali, awatu ndi ana anu omwe." Usiku umenewo sindinaone tulo.

Mlongo wanga, yemwe anaphunzira za sayansi, ndiye anatiuza kuti phulusa la mankhusu a mpunga lingasefe madzi a utoto. Mankhusu akapsa, phulusa lotsala limakhala pafupifupi lonse silika, chinthu chomwecho chimene chimapanga mchenga. Kusiyana kwake nkwakuti la mankhusu ndi timibulu tosalala ngati ufa, todzaza timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo utoto umakakamira m'timabowomo. Chinsinsi ndi moto: pakati pa madigiri 500 ndi 700 a Celsius. Ukapyola 800, silika amayamba kusanduka timiyala tolimba ngati ta mchenga, mphamvu yogwira utoto imachepa, fumbi lake nkukhala loopsa ku mapapo. Nchifukwa chake pa ng'anjo yathu palibe amene amafika osatseka pamphuno.

Pa utoto wa mlaza zinayenda tsiku loyamba lomwe. Madzi a buluu analowa mu mgolo, natuluka oyera. Tinavina.

Kenako tinathira madzi a zitenje. Anatuluka ofiira monga analowera. Tinasefa kachiwiri, kachitatu, chimodzimodzi. Apo nkuti ndalama zonse za banki m'khonde zitapita ku njerwa za ng'anjo ndi migolo, ndipo bungwe lina la ngongole linali litatibweza ponena kuti phulusa si bizinesi. Wotigulitsa mankhusu woyamba nayenso ankathira mchenga pansi pa thumba kuti lilemere. Akudzidziwa yekha.

Miyezi itatu tinavutika tisanamvetse. Utoto wa mlaza ndi silika zimakokana ngati maginito, pomwe utoto wa nsalu za thonje umakankhana naye, makamaka m'madzi a soda amene timanyikira. Tsopano madzi a zitenje timayamba tawathira viniga kuti soda afooke, kenako alamu, yemwe uja amayeretsera madzi a m'mipopi. Utoto umaundana nkukhala pansi, otsalawo nkudutsa mu phulusa. Madziwa si akumwa ayi, timatsukira ziwiya za utoto ndi pansi. Matope ake timaumitsa nkusunga m'matumba, sapita ku mtsinje.

Zikomo mlongo wanga posatopa ndi mafunso anga a pakati pa usiku. Zikomo amayi a gulu lathu la banki m'khonde, munadikira pomwe ndinachedwa kubweza. Zikomo eni zigayo za mpunga ku Domasi amene mumatisungira mankhusu oyera, anyamata athu a pa ng'anjo, ndi inu mayi amene munandidzudzula tsiku lija.

Zitenje zonyika pamanja, madengu ndi mphasa za mlaza zilipo, ndipo timalandira maoda a yunifomu za ukwati ndi za makwaya. Anzathu onyika utoto, phulusa losefera madzi a utoto tikugulitsa m'matumba. Bwerani ndi botolo la madzi anu otsala, tidzayesere limodzi musanalipire.