Chipolopolo cha pronghorn: pomwe kusankha kwafika

Posankha zida zosakira pronghorn, nyama ya ku North America yofanana ndi gwape, nkhani ya mfuti yatha: ndi ya mtundu wa 6.5 Creedmoor. Chatsala ndi chipolopolo, ndipo apa ndi pomwe alenje ambiri a ku Wyoming ndi Montana, m'dziko la America, amatayira ndiwo. Pronghorn ndi kanyama kopepuka. Yamphongo imalemera makilogalamu 40 mpaka 65, chikopa ndi chopyapyala, mafupa ndi ang'onoang'ono. Mukachotsa mafupa, mnofu sufika makilogalamu 20, choncho kuononga mwendo umodzi wamwamba ndi kutaya kwakukulu.

Chimene chimaononga nyama si kukula kwa mfuti. Ndi liwiro limene chipolopolo chafika nalo, kuphatikiza kufewa kwake. Chipolopolo cha mtovu chokhala ndi chikuto chopyapyala, chikagunda fupa pa liwiro loyandikira mamita 900 pa sekondi, chimanyenyeka. Tizidutswa ta mtovu ndi ta fupa timamwazika, magazi amalowa pakati pa minofu n'kuundana. Mukasenda chikopa mumapeza mnofu wakuda bii, woterera ngati thelere, kuyambira paphewa mpaka m'khosi. N'chifukwa chake Hornady V-MAX yachotsedwa pamndandanda wa zipolopolo zoti tisankhepo: anaipangira tinyama ting'onoting'ono tosadyedwa.

Zatsala ziwiri. Barnes TTSX ya ma grain 120, pafupifupi magalamu 7.8, ndi ya mkuwa wokhawokha. Nsonga yake imatseguka ngati duwa, sinyenyeka, ndipo imabowola n'kutulukira mbali inayo. Vuto lake ndi lakuti imafuna liwiro. Ikafika pansi pa mamita pafupifupi 600 pa sekondi sitseguka bwino, imangoboola ngati nsungulo, nyama n'kuthawa ndi bala. Hornady ELD-X ya ma grain 143 imatuluka mumpope wa mfuti pa mamita pafupifupi 820 pa sekondi, mphepo siipatutsa kwambiri, ndipo imatseguka ngakhale patali. Koma pafupi, ikagunda phewa, imasiya mtovu mumnofu.

Pa mtunda wa mamita 200 mpaka 300, womwe ndi wofala m'zigwa zopanda mitengo zimenezi, ya mkuwa ndiyo yabwino. Musanaiyese, tsukani mpope bwinobwino, kenaka ombani zipolopolo zisanu pa chandamale cha mamita 100, zina zisanu pa 300, ndipo lembani mmene zatsikira. Amene ali ndi mfuti ya .243 Winchester asamale: chipolopolo cha mkuwa chimakhala chachitali kuposa cha mtovu cholemera chimodzimodzi, ndiye mpope wa 1:10, umene umazungulitsa chipolopolo kamodzi pa mainchesi 10 aliwonse, umayenda bwino ndi ma grain 80 kapena 85.

Ngakhale chipolopolo chabwino sichikonza kulasa koipa. Dikirani nyama iime cham'mbali, lozani kumbuyo pang'ono kwa phewa, pamene ubweya woyera wakumana ndi wofiirira. Pamenepo chimathyola nthiti n'kudutsa m'mapapo onse awiri. Mukapita m'mbuyo kwambiri mwaboola chifu, fungo lilowa mumnofu. Ikagwa, tumbulani ndi kusenda msanga, chifukwa mu Seputembala kumakhala kukutenthabe ndipo ubweya wake umasunga kutentha. Ayezi akhale ali kale m'galimoto.