Sabata ya mpeni wopinda

Lolemba ndinafika kuchipala, kumene ndimasulira zitsulo, ndi kapepala m'thumba, nditajambulapo mpeni umene ndakhala ndikuuzengereza kwa miyezi. Bambo amene anandiphunzitsa kusula zitsulo akupuma pa ntchito, ndipo ndinaganiza zowasulira mpeni wopinda, wa m'thumba. Zikwanje ndi mipeni wamba ndasula yosawerengeka, koma wopinda ndi nkhani ina. Umenewu ndi kamakina: pali lumo, sipuling'i ya kumsana, timalata tiwiri ta bulasi, matabwa a chogwirira ndi timisomali titatu, ndipo zonsezi ziyenera kumvana.

Njira yachidule inalipo. Mipeni ya Higonokami ya ku Miki, ku Japan, ilibe sipuling'i, lumo umalitsendereza ndi chala chamanthu pa kamchira kake basi. Ya Opinel ya ku France, imene inayamba kupangidwa mu 1890, ilibenso sipuling'i, ndipo mu 1955 anaionjezera kamphete kokhomera lumo. Koma ine ndimawadziwa aphunzitsi anga. Akagwira mpeni wopinda sayamba n'kuona kuthwa kwake, amautsegula pafupi ndi khutu kuti amve kulira kwa sipuling'i. Vuto n'lakuti zala zawo zinafooka ndi nyundo ya zaka zambiri. Ndinafunika sipuling'i yolira bwino koma yosathyola chikhadabo cha munthu wachikulire.

Chitsulo ndinasankha 1084, chokhala ndi kaboni pafupifupi 0.84 peresenti. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anafunsa kuti, "Bwanji osangosula tupa yakale ija, abwana?" Tupa yakale imatulutsa mpeni wabwino ndithu, sindikana, koma sudziwa chimene chili m'kati mwake, ndipo mano ake ukapanda kuwapala onse amasanduka ming'alu. Pa mphatso sindichita zolotera.

Kusula lumo lenilenilo sikunanditengere ola limodzi. Ndi kanthu ka masentimita 7, kamene kamazizira usanamenye kasanu, ndiye umangoyendayenda pakati pa moto ndi chosulira. Ndinatulutsa nsonga, n'kupsatiza mbali yakuthwa, koma kumchira ndinangokusiya kochindikala chifukwa kumeneko ndi kwa tupa, osati kwa nyundo. Kenaka ndinalitenthetsa katatu n'kumalisiya lizizire lokha mumpweya, ulendo uliwonse moto wocheperako. Chitsulo chosulidwa chimakhala ndi msunamo m'kati, ukachithamangitsira m'mafuta okhwimitsira chimapindika kapena kusweka.

Lachiwiri silinali langa. Kunabwera munthu ndi mahinji a geti othyoka, wina ndi nkhwangwa zitatu zofuna kunola, ndipo mpeni unangokhala pa benchi. Madzulo ndinangokwanitsa kupala lumo ndi sipuling'i pamodzi kuti zichindikale mofanana, mamilimita 2.5, n'kuboola mabowo. Mabowo umaboola chitsulo chisanakhwime, ukaiwala udzalira ndi dirilu.

Ntchito yeniyeni inali Lachitatu. Pa mpeni wa mtundu umenewu palibe loko. Lumo limagwidwa ndi sipuling'i imene imatsendereza kamchira kake, ndipo kamchirako kali ndi mbali zitatu: ya potsegula, ya pakatikati, ndi ya potseka. Kuchokera pakati pa bowo la msomali umene lumo limazungulirapo kufika pa mbali iliyonse, mtunda uyenera kukhala umodzimodzi. Ukaphonya pang'ono, sipuling'i imatumphuka pamwamba pa chogwirira kapena kumira m'kati, ndipo chala cha munthu wodziwa chimamva asanayang'ane n'komwe. Ndiye ndinakhomera timisomali pa chitsulo chophwatalala, n'kuikapo lumo ndi sipuling'i, kuyesa, kuchotsa, kupala kawiri katatu ndi tupa yaing'ono, kubwezeretsa, kuyesanso. Tsiku lonse. Mnyamata uja anatopa n'kuonerera, akuti sakuona kuti ndikupala chiyani. Zoona, zimene ndinkachotsa zinali zocheperapo kuposa tsitsi, ndipo chitsulo ukachichotsa sichibwereranso.

Palinso kachidendene pansi pa lumo, kamene kamagunda sipuling'i mpeni ukatsekedwa kuti mbali yakuthwa isamenye chitsulo. Mipeni yambiri yotchipa imabuntha ili m'thumba chifukwa cha kachidendene kameneka. Ndinakasiya kotalikirapo dala, kuti ndidzakachepetse pomaliza. Kamzera kolowetsapo chikhadabo ndinakakumba mozama komanso kufupi ndi nsonga kusiyana ndi masiku onse. Kutali ndi msomali wozungulira, lumo limatseguka ndi mphamvu yochepa.

Lachinayi ndinadikira kuti kuchite mdima ndisanakhwimitse, chifukwa dzuwa limanamiza maso pa mtundu wa chitsulo chotentha. Mbali yakuthwa ndinaisiya yochindikala milimita imodzi, ikapyapyala kwambiri imachita mafunde m'mafuta. Chitsulo chikafika pa madigiri 770 maginito amaleka kuchigwira, ndipo 1084 chimafuna kupitirira pang'ono, cha m'ma 815. Ndinaviika lumo m'mafuta ofunda, nsonga patsogolo, osaligwedezera m'mbali. Nditayesa ndi tupa, inangotsetsereka ngati pa galasi. Lumo lotero ndi lolimba koma losachedwa kusweka, ndiye ndinaliika mu uvuni pa madigiri 200 kwa maola awiri, kawiri, mpaka linatuluka ndi mtundu wa udzu wouma.

Sipuling'i ndi imene inandichititsa manyazi. Imeneyi imafuna kufewetsedwa kwambiri kuposa lumo, cha m'ma madigiri 400, pamene uvuni wanga safika. Ndinaiwotcha ndi lawi, nditaona kuti yabiriwira ndinachotsa, tulo tili m'maso. M'mawa mwa Lachisanu ndinalumikiza zonse kuti ndiyese. Kutsegula koyamba kunali kolimba, kwachiwiri ndinangomva kuti thwa, theka la sipuling'i lili pansi pa benchi. Mnyamata anayang'ana kumbali, ndipo anachita bwino. Pothyokapo panali posalala ndi potuwa, kusonyeza kuti kukhwimitsa kunali bwino, koma moto wofewetsera unangonyambita pamwamba, pakati pochindikala sunafike.

Yachiwiri ndinaitenga mofatsa. Ndinaigoneka pa chitsulo chochindikala, n'kuwotcha chitsulocho kunsi kuti kutentha kulowe pang'onopang'ono, mpaka kubiriwira kunadutsa n'kuyamba kutuwa. Ndinabwereza katatu. Kuthyoka kwa yoyamba kunandipatsanso mpata woganiza, chifukwa ngakhale ikanapanda kuthyoka inali yolimba kwambiri kwa zala za aphunzitsi. Yatsopanoyi ndinaipala kunsi, pakati pa msomali wapakati ndi mutu wake, mpaka ndinatha kutsegula ndi chikhadabo cha chala chaching'ono.

Loweruka kunali kumanga. Matabwa a chogwirira ndinadula ku mpini wa nyundo yakale imene iwo anandipatsa nditangoyamba ntchito, mpini umene unang'aluka kalekale koma sindinautaye. Posula mitu ya msomali wozungulira ndinalowetsa kachitsulo kopyapyala kwambiri pakati pa lumo ndi bulasi, n'kukasolola nditamaliza. Popanda kameneko msomali umafinya lumo ndipo mpeni sutseguka, ukakachindikalitsanso lumo limagwedera. Ndinachepetsa kachidendene kaja mpaka nsonga inabisala m'chogwirira, kupukuta ndi sandipepa ya 220 kenaka ya 400, kunola pa mwala, n'kudontheza mafuta pa msomali.

Madzulo ndinawapeza aphunzitsi atakhala pakhonde. Anautembenuza kawiri, n'kuyendetsa chala kumsana kwake uli wotseka, uli pakatikati, uli wotsegula. Kenaka anaupititsa kukhutu, kutsegula, kutseka, kutsegulanso. Thabwa analizindikira asanauzidwe.

"Nyundo yanga ija imeneyi, iwe?"

"Yomweyo, bambo."

Anatseka mpeniwo n'kuusuzumira motsata mpata wake, diso limodzi atatsinzina. "Lumo lapendekera kumanzere pang'ono," anatero. Ndinayang'ana, linalidi litapendekera, pang'ono pokha, osakhudza bulasi. Ndinatambasula dzanja kuti ndikakonze, koma iwo anali atauika kale m'thumba la malaya, ndipo anandifunsa kuti sipuling'i imeneyi ndi yachingati.