Sabata Imene Ndinasaina Ngongole ya Alimi a ku Katete

Ndimagwira ntchito pa kampani ina yogulitsa mbewu ndi feteleza kuno ku Lusaka, ndipo udindo wanga ndi kuona amene ayenera kupatsidwa katundu pa ngongole. Sabata imene ndikufotokozayi inali ya mu Novembala 2024, chaka chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse, chimanga cha m'mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chitapserera m'minda.

Lolemba m'mawa ndinapeza patebulo kalata ya gulu lina la alimi a ku Katete, lopempha mbewu ndi feteleza wa D-Compound ndi urea, pamene ngongole yawo ya chaka chatha inali isanabwezedwe. Lamulo la kampani ndi lakuti wosabweza sapatsidwanso. Ine ndili ndi mphamvu yopempha kuti lamulolo lifewetsedwe, koma zinthu zikalakwika dzina limene limafunsidwa ndi la amene anasaina.

Lachiwiri magetsi kunalibe tsiku lonse chifukwa madzi a m'damu la Kariba, kumene amapangira magetsi, anali atatsika kwambiri, choncho ndinawerengera papepala. Gululi linabweza ngongole yonse zaka zisanu zotsatizana chilala chisanabwere. Chikole alibe, pakuti minda yawo ili m'malo a mafumu ndipo ilibe mapepala amene banki ingalandire. Masamu anandionetsa kuti anthuwa ndi okhulupirika, koma za mvula sanandiuze kanthu.

Lachitatu ndilo linandilemera. Mnzanga wina wa mu ofesi, munthu wopemphera ndithu, anandiuza kuti ndingosaina mwa chikhulupiriro, Mulungu adzagwetsa mvula. Mawuwa anandikoma m'khutu, koma sanakhazikike mumtima, chifukwa alimi amene chimanga chawo chinauma ndi chilala chija nawonso ankapemphera, mwina kuposa ineyo. Madzulo, mapemphero a pakati pa sabata atatha ku mpingo wathu wa Reformed, ndinaperekeza mkulu wa mpingo wina wachikulire ndi kumuuza zonse. Anamvetsera mpaka tinafika pa siteji ya mabasi, kenaka anandifunsa kuti, "Kodi bambo, mukufuna Mulungu akutsogolereni, kapena mukufuna akuululireni za mawa kuti musalakwe?" Ndinasowa choyankha, popeza chimene ndinkapempha usiku uliwonse chinali chizindikiro chondichotsera mantha. Iwo anandikumbutsa za Mlaliki 11, pamene akunena kuti woyang'ana mphepo safesa, nandikumbutsanso za Luka 14, pamene womanga nsanja ayenera kuyamba wakhala pansi ndi kuwerengera mtengo wake. Anati kuwerengera ndi gawo langa ndipo ndisalithawe ponamizira chikhulupiriro, koma mitambo ili ndi Mwini wake, amene sasiya kulamulira ngakhale chaka chimene minda yauma. Kwa ine chovuta kuchimeza chinali chakuti munthu akhoza kusankha bwino, napemphera bwino, komabe n'kutaya ntchito, Mulungu asanalakwe kalikonse.

Lachinayi ndinalemba maganizo anga: apatsidwe theka la zimene anapempha, mbewu ikhale ya chimanga chocha msanga, gawo lina la munda abzale mtedza umene sufuna feteleza wambiri, ndipo ngongole yakale ibwezedwe pang'onopang'ono pa zaka ziwiri. Abwana anawerenga kawiri, navula magalasi, nati, "Mukudziwa kuti zikalephera nkhaniyi ili pamutu panu?" Ndinayankha kuti, "Ndikudziwa, abwana." Dzanja linanjenjemera posaina, ndipo sindibisa zimenezi, pakuti mantha sanachoke monga ena amachitira umboni. Chinasintha n'chakuti usiku umenewo ndinagona tulo, koyamba chiyambire Lolemba.

Lachisanu linatha ndi kuwerenga matumba m'nyumba yosungiramo katundu ndi kukangana ndi dalaivala za mtengo wa dizilo. Loweruka mbandakucha lole inanyamuka kulowera ku Great East Road, ndipo masana dalaivala anaimba foni kuti waoloka mlatho wa Luangwa. Dzuwa litapendeka anaimbanso wapampando wa gulu lija kunena kuti katundu wafika ndipo mizere anaunga kale. Ndinawafunsa za kumwamba. Anati kukutentha kwambiri, mitambo ikuoneka cha ku malire a Mozambique, koma dontho silinagwe.