Mphamvu ya opanga njinga imathera pamene asiyana mawu

Mtima wanga wakhala pansi tsopano pa gawo lija la phunziro la kayendetsedwe ka masewera lomwe lakhala likundizunguza mutu, la mikangano ya malamulo mu MotoGP, mpikisano waukulu wa dziko lonse wa njinga zamoto. Malamulowa amapangidwa ndi komiti yotchedwa Grand Prix Commission, momwe mumakhala mabungwe anayi: Dorna (kampani yokonza mpikisanowu), FIM (bungwe la dziko lonse loyang'anira masewera a njinga zamoto), IRTA (bungwe la matimu) ndi MSMA (bungwe la makampani opanga njinga). Chimene chandimasula ndi mfundo imodzi yokha, yomwe ndi yakuti makampani opanga njinga zamoto ali ndi mphamvu pa malamulo a kapangidwe ka njinga pokhapokha onse akalankhula chimodzi. Onse a mu MSMA akagwirizana, enawo sangawagonjetse pa nkhani ya injini kapena zipangizo. Koma mmodzi yekha akapatuka, nkhaniyo imagwera m'manja mwa komiti yonse, momwe Dorna imakhala pampando ndipo kawirikawiri matimu amayenda nayo limodzi.

Nditangomvetsa zimenezi, mikangano yomwe inkaoneka yosagwirizana inayamba kulumikizana yokha. Zili ngati abale amene abwera pabwalo la a nyakwawa: akafika atapangana kale kunyumba, mfumu imangovomereza, koma akayamba kutsutsana pamaso pa anthu, chigamulo chimachoka m'manja mwawo.

Kuyambira 2002, pamene njinga za 990cc zinalowa m'malo mwa zija za 500cc, makampani ndiwo ankalemba malamulo a zipangizo, ndipo ankawalemba mokomera mainjiniya awo. Mu 2007 anatsitsa injini kufika pa 800cc, nachepetsa mafuta kufika pa malita 21, zomwe zinachititsa kuti mpikisano udalire kwambiri kompyuta yoyendetsa injini, ndipo ndalama zofunika zinakwera. Chuma cha dziko lonse chitagwa mu 2008, Kawasaki inasiya kumayambiriro kwa 2009, mu 2011 njinga zopikisana chaka chonse zinatsala 17 zokha, ndipo Suzuki nayo inachoka kumapeto kwa chaka chomwecho. Apa m'pamene Carmelo Ezpeleta wa Dorna anabweretsa njinga za CRT mu 2012, zomwe zinkagwiritsa ntchito injini zochokera ku njinga zogulitsidwa m'masitolo. Zinali zochedwa, ndipo olemba ambiri amazinyoza, koma ine ndikuona kuti ntchito yake sinali kupambana. Ntchito yake inali kuonetsa Honda ndi Yamaha kuti mzere woyambira ungathe kudzaza popanda iwo. Shuhei Nakamoto wa HRC, nthambi ya mipikisano ya Honda, anaopseza poyera kuti Honda ichoka ngati onse akakamizidwa kugwiritsa ntchito pulogalamu imodzi ya kompyuta, koma chakumapeto kwa 2012 mpikisano wina wa njinga zamoto wa World Superbike nawonso unaikidwa pansi pa Dorna, moti kothawira kunachepa.

Chaka chimene ndimabwererako mobwerezabwereza ndi 2014, chifukwa ndipo pamene mgwirizano wa makampani unang'ambika poyera. Malamulo a chaka chimenecho anagawa njinga pawiri. Za Factory zinkaloledwa pulogalamu yawoyawo, koma ndi mafuta okwana malita 20 okha, injini zisanu pachaka, ndiponso osasintha kapangidwe ka injini mpikisano ukayamba. Za Open zinkagwiritsa ntchito pulogalamu ya kampani ya Magneti Marelli yoperekedwa ndi okonza mpikisano, koma zinkapatsidwa malita 24, injini 12, tayala lofewa lakumbuyo, komanso ufulu wokonzanso injini chaka chili mkati. Gawo lachiwirili analikonzera matimu ang'onoang'ono, ndipo makampani a ku Japan sankayembekezera kuti kampani yaikulu ingalisankhe. Injiniya Gigi Dall'Igna, yemwe anali atangofika kumene ku Ducati kuchokera ku Aprilia ndipo anapeza njinga yovuta kukhota, anawerenga malamulowo n'kuona kuti chimene ankachisowa kwambiri ndi ufulu wosintha injini, choncho analengeza kuti Ducati ilowa mu Open. Honda inakwiya, ponena kuti zimenezo zikuphwanya cholinga cha lamulolo. Patatsala masiku ochepa kuti mpikisano woyamba uchitike ku Qatar, komiti inapeza njira yapakati: kampani yomwe sinapambane panjira youma chaka chapitacho ikhoza kukhala ya Factory n'kumalandira zabwino za Open, zomwe zizichotsedwa pang'onopang'ono ikayamba kuchita bwino. Ndipo m'chigamulo chomwecho munalowa chinthu chomwe Dorna inkachifuna kuyambira kale, chakuti pofika 2016 aliyense adzagwiritsa ntchito pulogalamu imodzi. Chimene Honda inkanena kuti ichokerapo chinachitika, Honda osachoka. Inasowa poima chifukwa MSMA sinalinso ndi mawu amodzi oti ikanire nawo.

Zotsatira zake zinayenda mofanana, kungoti Ducati ndiyo inayamba kukhala yokha. Timapiko ta kutsogolo kwa njinga tinaletsedwa kuyambira 2017 makampani atalephera kugwirizana za lamulo loti tikhale totetezeka. Mu 2019 ku Qatar, Aprilia, Honda, KTM ndi Suzuki anasumira Ducati chifukwa cha kachipangizo komwe kanaikidwa patsogolo pa tayala lakumbuyo, koma khoti la apilo la FIM linati n'kololedwa ndipo chipambano cha Andrea Dovizioso wa Ducati chinakhalabe. Mu 2022 makampani asanu anafuna kuti chipangizo chotsitsa kutsogolo kwa njinga ili pa liwiro chiletsedwe, Ducati inakana, ndipo komiti inachiletsa kuyambira 2023. Ndikuona kuti kubwera kwa Suzuki ndi Aprilia mu 2015 ndi KTM mu 2017 sikunangowonjezera njinga pamzere, koma kunachititsanso kuti kugwirizana kwa onse kukhale kovuta, pakuti anthu asanu ndi mmodzi sapangana msanga ngati atatu.

Njira yomwe yandithandiza ndi ya timapepala, ndipo ndikuiyamikira mopanda manyazi. Lamulo lililonse ndimalilembera kapepala kake: pamwamba chaka, pakati amene apindule ndi amene aluze, ndipo pansi mbali imene kampani iliyonse inaima. Ndikatiyala pamphasa motsatira zaka, timapepala tomwe makampani anali mbali imodzi timaunjikana kumanzere, tomwe anagawikana kumanja, ndipo munthu amaona ndi maso kuti zigamulo zazikulu zomwe Dorna inapeza zili kumanja. Ndikukhulupirira kuti palibe mkangano wa malamulo m'masewera alionse umene ungakane kumveka ukaikidwa pa timapepala totere, kaya ndi wa mpira kapena wa magalimoto, ndipo aliyense amene akuloweza mayina a mabungwe popanda kufunsa kuti anavota bwanji akungotopetsa mutu wake.

Apa ndipomwe ndimadandaula ndi kaphunzitsidwe. Aphunzitsi athu anatijambulira mabokosi anayi ndi mivi yowalumikiza, natiuza kuti tikawerenge tokha za mikangano, ngati kuti mabokosiwo amafotokoza chifukwa chimene kampani yolemera ngati Honda ingagonjere pa nkhani yomwe inalumbira kuti siidzalola. Mfundo ya kugwirizana kwa onse inangotchulidwa m'chiganizo chimodzi, mwina chifukwa pa mayeso amafunsa mayina ndi zaka basi. Nthawi nayo ndi yochepa, chifukwa gawo lonseli analipatsa malo ofanana ndi gawo la kalembedwe ka malipoti a misonkhano, pamene kuti munthu amvetse chigamulo chimodzi cha komiti ayenera kuwerenga zikalata za chaka chonse, zomwe zimalembedwa m'chinenero chouma chobisa amene anatsutsa.

Komabe pali timapepala tiwiri tomwe sitikukhazikika bwino pa mulu ulionse. Koyamba ndi ka Suzuki, yomwe mu 2022 inaganiza zochoka ngakhale inali itasaina mgwirizano wofika 2026, ndiponso itangotenga kumene ukatswiri wa dziko lonse ndi Joan Mir mu 2020. Sikunali kugonja pa voti, komanso sikunali kuopseza kuti ipatsidwe kanthu. Akuluakulu ku Japan anangoona kuti ndalamazo zipite kwina, ndipo Dorna inangokumbutsa za mgwirizano koma njinga ziwiri zinachokabe pamzere. Kachiwiri ndi ka malamulo a 2027 omwe analengezedwa mu 2024, otsitsa injini kufika pa 850cc, kuchepetsa timapiko tomwe tinabweranso m'maonekedwe ena, ndi kuletseratu zipangizo zotsitsa njinga. Ducati, yomwe inayambitsa zambiri mwa zipangizozi ndipo inkapambana nazo, inakhala nawo pa zokambiranazo ndipo ikupitirizabe kupikisana. Ndikhoza kunena kuti inalola chifukwa inadziwa kuti ikakana idzagonjabe m'komiti, ndipo zikatero mfundo yanga yaima. Koma ndikhozanso kunena kuti makampani onse anaona okha kuti njinga zomwe zadutsa liwiro la makilomita 360 pa ola zaposa kukula kwa mabwalo, ndipo zikatero ndiye kuti nthawi zina palibe wogonja, zomwe timapepala tanga tilibe malo ozilembapo. Pakadali pano kapepala ka 2027 ndakaika pakati, ndipo sindinatsimikize ngati vuto lili pa kapepalako kapena pa miyulu iwiriyo.